Utomoni wa mphete ya amuna anga

Amuna anga anali okhoma zidebe. Malo awo anali pa Songani, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, pomwe ankakhala pa chitsa ndi mbaula yawo, nyundo ziwiri, tupa, sizasi yodulira malata ndi chitsulo chowotcherera chija chamutu wa mkuwa. Ndowa yodontha, ketulo yothothoka mlomo, nyali ya koloboyi, zonsezo zinkapita kwa iwo. Koma chimene anthu a m'chigwa cha Domasi ankawadziwira kwambiri ndi mphete. Ankatenga thanki ya pulayimasi yakufa, n'kudulapo kachidutswa katalitali ka mkuwa wachikasu uja, n'kukapinda pa bawuti, n'kuwotcherera polumikiza, kenako n'kukwecha ndi phulusa mpaka mphete iwale. Amene sakanakwanitsa mphete ya m'sitolo ku Zomba ankabwera kwa iwo, ndipo kutchalitchi palibe ankaona kusiyana kwake.

Ndiye tamvani izi. Bambo opangira mphete chigwa chonse, kuyambira ku Naisi mpaka kwa Malemia, koma akazi awo chala chili chopanda kanthu. Zaka khumi ndi zinayi! Tinakwatirana pa ankhoswe basi, nkhuku n'kudyedwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndinakulira mumpingo, ndipo poti ukwati wathu sunadalitsidwe, tsiku la mgonero ndinkatuluka pamodzi ndi ana n'kukakhala pansi pa mtengo, anzanga akulandira m'kati. Zinkandiwawa, sindibisa. Chaka chilichonse ndinkawakumbutsa, iwo n'kumati, "Mayi, tikakolola." Tikakolola ankati, "Tiyambe tafolera nyumbayi." Ndinafika powauza kuti mphete yawoyo adzandiveka ndili m'bokosi.

Chaka chimene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, amuna anga anayamba kutsokomola. Kuchipatala anati chifuwa chachikulu, n'kutipatsa mankhwala. Anamwa onse osaphonya, chifuwa chinachepako, koma thupi silinabwerere. Buluku linayamba kumangidwa ndi chingwe. Anthu pachitsime ankasiya kulankhula ndikafika, ndipo ndinkadziwa matenda amene ankawanong'ona, aja amene masiku amenewo sitinkawatchula dzina. Pofika nyengo yozizira ya chaka chotsatira, ulendo wa ku Songani unawakanika. Ndinakatenga zipangizo zawo zonse pa njinga n'kuziika pakhonde, kuti azigogoda pang'onopang'ono tsiku limene apezako bwino.

M'mawa wina ali pa mkeka akuwothera dzuwa anandiitana.

"Mayi, mupite mukaonane ndi akulu a mpingo. Tidalitse ukwati."

"Mwakolola liti?" ndinawafunsa choncho. Pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu, ndi mmene ndinabadwira.

Anangondiyang'ana. Ndinapita kuseri kwa nkhokwe n'kukalira, chifukwa ndinadziwa chimene chawasintha maganizo. Munthu amene kwa zaka zonsezi ankati mawa, tsopano anali ataona kuti mawa ake atsala owerengeka.

Abusa anabwera okha kunyumba. Anacheza nawo kanthawi, ndipo atawaona mmene analili sanachulutse zofunsa. Anati alengeza masabata atatu monga mwa mwambo, ndipo Loweruka lotsatira Sabata lachitatulo adzatimangitsa. Potsanzika anati za mphete tisavutike nazo, pali banja lina la mumpingo limene lingatibwereke zawo pa tsikulo.

"Ine kubwereka mphete?" anatero amuna anga, akudzuka pa mkeka ndi chigongono. "Abusa, inu munayamba mwabwerekapo Baibulo?"

Abusa anaseka mpaka kupukuta misozi. Ine sindinaseke, chifukwa ndinali nditawaona manja awo m'mawa uja akulephera kugwira kapu ya tiyi.

Pano ndiyenera kufotokoza pang'ono za ntchito yawo, apo ayi simungamvetse chimene ndinalakwa. Polumikiza zitsulo ankasungunula mtovu ndi chitsulo chotentha. Koma mtovu ndi chinthu chamwano. Sugwira pa chitsulo chimene chili ndi litsiro, ngakhale losaoneka ndi maso, ndipo mkuwa ukangotentha umada wokha nthawi yomweyo. Ndiye asanaike mtovu ankapakapo kaye mankhwala otsuka chitsulocho ndi kuchiphimba kuti chisade, mtovu upeze njira yolowera. Mankhwalawo anali awiri. A zidebe anali asidi wa m'botolo, amene ankaponyamo tizidutswa ta zikopa za mabatire a tochi mpaka asiye kuwira, ndipo ankamupaka ndi nthenga ya nkhuku. A mphete, ndolo ndi zipini anali utomoni wa mitengo ya paini ya kuphiri, wophika, wouma ngati shuga wopserera, umene ankausunga m'kachitini ka polishi wa nsapato. Zaka zonsezi ndinkaziona zimenezi, koma sindinafunsepo kuti bwanji mankhwala awiri. Ndinkayesa utomoniwo ndi matama chabe, oti pogwira ntchito ya akwati pazimveka kafungo kabwino.

Sabata yoyamba anapanga mphete yanga. Ntchito imene kale ankaimaliza tiyi asanazizire inawatengera masiku atatu, akupuma pafupipafupi atatsamira khoma. Atamaliza anaikulunga m'kansalu, osandilola n'kuiyesa komwe. Lolemba lotsatira Sabata lachiwiri anayamba yawo. Kudula anadula, kupinda anapinda, koma atanyamula chitsulo kuchokera pa mbaula dzanja linanjenjemera, dontho la mtovu wosungunuka n'kugwera pa phazi lawo. Sanakuwe. Anabweza chitsulo pa makala, n'kuyang'ana phazilo.

"Mayi, khalani apa," anatero, akundisunthira pa chitsa.

"Ine? Mwapenga kodi? Ine ndimadziwa khasu."

"Mumatunga ulusi pa singano mopanda magalasi. Khalani."

Ndinakhala. Anandipatsa tizidutswa totsala ta mkuwa kuti ndiphunzirirepo. Choyamba, kupala ndi tupa mpaka pawale. Ndinapala, n'kupukutapo ndi chala kuti ndione bwino.

"Mwaononga. Palaninso."

"Ndaononga chiyani? Manja ndasamba!"

"Chala chili ndi mafuta ake. Mukapala, musagwireponso."

Ndinapalanso, ndikukukuta mano. Kenako kuphwanya kambenu ka utomoni, kukaika polumikiza, n'kugunditsa chitsulo. Koma ine chitsulo ndinkachisiya pa makala mpaka chifiire, poganiza kuti moto wambiri ndiye ntchito yachangu. Utomoni unkangoti fuu, utsi, n'kusanduka mwaye. Mtovu n'kumangogubuduka pamwamba ngati dontho la madzi pa tsamba la nthochi, osalowa. Ndikaona choncho ndinkawonjezera mtovu wina, n'kupanga chibuma.

"Musathamangitse mtovu," ankatero. "Tenthetsani mkuwawo, utomoni usungunuke uyende, mtovu utsatira wokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono ili ndi nthawi, ine ndilibe!" ndinawakalipira, kenako n'kuluma lilime, chifukwa tonse tinadziwa kuti wopanda nthawi pakhondepo sanali ine.

Pofika Lachitatu ndinali nditalumikiza tizidutswa tiwiri bwinobwino, ndipo iwo anayesa kutithyola ndi zala osatha. Koma kachitini kanali katayera. Utomoni wonse ndinali nditautentha pophunzira, ndipo mphete yeniyeni inali isanagundidwe.

Anati palibe kuchitira mwina, ndikwere phiri ndikakokote wina. Ndinawafunsa kuti ndani awaphikira phala, ndani awagwira popita kuseri, ine nditachoka tsiku lonse. Ndinaloza botolo la asidi limene linali pamwamba pa khoma, patali ndi ana.

"Nanga uyo? Si ntchito yake yomweyo?"

"Ameneyo ndi wa zidebe."

"Mkuwa ukudziwa kuti uwu ndi ukwati?"

Anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma chifuwa chinawagwira. Anatsokomola nthawi yaitali, ine ndikuwasisita kumsana, ndipo atamaliza analibenso mphamvu yolankhula. Ndinawalowetsa m'nyumba. Funso langa linathera pomwepo, ndipo sindinalibwerezenso, chifukwa yankho lake sindinkalifuna.

Lachinayi masana, iwo atagona, ana ali kusukulu, ndinakoleza mbaula. Ndinatsitsa botolo lija, n'kuzula nthenga pa nkhuku yanga yomwe. Ndinapala, osagwirapo, n'kupaka asidi wambiri ndithu, kunja ndi m'kati, kuti pasakhale chokaikitsa. Nditagunditsa chitsulo panamveka tswii, ndipo abale inu, mtovu unathamanga wokha n'kudzaza mpata wonse, kamzere kowala koongoka bwino. Kamodzi n'kamodzi! Ndinavina pakhondepo ndekhandekha. Ndinapukuta mpheteyo ndi chitenje, n'kuikwecha kunja ndi phulusa louma kuti iwale. Kuitsuka sindinaganizeko n'komwe.

Atadzuka ndinawaikira m'dzanja. Anaitembenuza, n'kuyendetsa chikhadabo polumikiza.

"Utomoni mwautenga kuti?"

"Ndakokota m'mbali mwa chitini. Munatsala pang'ono."

Bodza limenelo linatuluka mosavuta, ndipo anandikhulupirira, poti sindinali munthu wowanamiza. Nkhope yawo inawala mmene ndinali ndisanaionere miyezi yambiri. Anati ndikanayamba kale bwenzi iwo akungokhala n'kumalamula. Iwo ankauza onse odzapangitsa mphete kuti aziivala tsiku limodzi asanapite nayo kutchalitchi, kuti aone ngati ikuthina, ndiye nawonso anaivala ku chala chakumanzere. Tsiku limodzi linakhala masiku atatu. Sanafune kuivula. Aliyense wobwera kudzawazonda ankamuonetsa, n'kumati, "Akazi angawa ndi mmisiri."

Sabata lachitatu m'mawa, ndikukonzeka kupita kukamva kulengeza komaliza, ndinawaona akubisa dzanja m'bulangete. Ndinalikoka. Mayo ine! Chala chinali chitatupa, mphete italowa m'mnofu. M'mbali mwake munali mobiriwira, ndipo pansi pa cholumikizira khungu linali litanyuka, likutuluka madzi. Masiku amenewo ankatuluka thukuta kwambiri chifukwa cha kutentha thupi, ndipo asidi amene ndinamusiya m'kati uja anasungunuka n'kumawadya pang'onopang'ono. Iwo anamva kuyabwa kuyambira Lachisanu, koma anakhala chete poopa kundikhumudwitsa.

Tinayesa sopo, tinayesa mafuta ophikira, mphete osasuntha. Pomaliza anandiuza kuti nditenge sizasi ya malata. Ndinadula ntchito yanga ndi manja anga, iwo atatsinzina. Itachoka anaitenga ndi dzanja lamanja, n'kuigunditsa pa lilime, n'kulavula.

"Asidi," anatero. Sanakweze mawu.

Ndinakhala pansi pomwepo, ndi zovala zanga za kutchalitchi.

"Chidebe sichikhala ndi khungu, mayi. Komanso chidebe ndikamaliza ndimachitsuka ndi madzi ambiri. Mukanandiuza, tikanaiwiritsa m'chidulo, asidiyo akanafa, ikanavalika ndithu. Safunsa anadya phula."

Chidulo! Madzi a phulusa omwe ndinkaphikira therere, amene anali m'mphika kukhitchini kwanga tsiku lonse lija. Akanandikalipira, mwina ndikanapirira. Koma kufatsa kwawoko kunandipsetsa mtima, ndipo manyazi anga anatuluka ngati mkwiyo.

"Inu ndi amene mwachititsa!" ndinakuwa. "Zaka khumi ndi zinayi muli ndi manja abwinobwino, utomoni wodzaza chitini, mukuveka mphete akazi a eni ake! Ine ndikukhala panja ndi ana ngati wakuba! Lero mwadikira mpaka manja afe, n'kundikhazika pa chitsa ine wosadziwa kanthu. Munkadikira chiyani? Ndiuzeni, munkadikira chiyani?"

Anandisiya ndimalize. Kenako anati, "Ndinkayesa nthawi ilipo. Ndinalakwa, mayi."

Mawu amenewo ndinawadikira zaka zonse zija, ndipo atabwera sindinakondwe nawo ngakhale pang'ono. Ndinawagwira dzanja lotupalo n'kulira, ndikupepesa, iwonso akupepesa. Kutchalitchi sindinapite. Anzanga ndi amene anadzandiuza madzulo kuti talengezedwa kachitatu ndipo palibe waletsa.

Lolemba ndinawatengera kuchipatala pa njinga, anatsuka chilondacho n'kuchimanga. Namwino anandiitanira pambali n'kundiuza kuti thupi lofooka chonchi zilonda zimachedwa kupola, ndizitsuka tsiku lililonse ndi madzi a mchere. Anatinso pa chala chimenecho pasapite mphete. Tikubwerera ndinawauza kuti basi, tibwereke ija ananena abusa. Anali kumbuyo kwanga pa kaliyala, atandigwira m'chiuno, ndipo ndinamva akupukusa mutu pamsana panga.

"Dzanja lamanja lilinso ndi zala," anatero. "Kwerani phiri."

Tinali ndi anansi achisilamu, mayi wamasiye amene tinkangoitanana kuti achemwali. Ankapita kuphiri kukatola nkhuni kawiri pa sabata, ndipo njira zonse ankazidziwa. Chipini cha pamphuno pawo, chimene anasiyiridwa ndi mayi awo, chinathyokapo mwendo kalekale, ndipo anachilumikiza ndi amuna anga. Nditawafotokozera zonse, bodza langa lomwe, anagwira chipinicho n'kunena kuti, "Zaka zisanu ndi chimodzi chili apa, mphuno sinayabwepo. Mawa mulawire."

Mwana wanga wamkulu anajomba kusukulu kuti atsale ndi bambo ake. Tinanyamuka kutangocha, chifunga chili thoo. Ine ndinabadwira m'chigwa momwemo, phiri ndikuliona tsiku ndi tsiku, koma ndinali ndisanakwerepo mpaka kumitengo ya paini. Miyendo inandiwotcha. Achemwali anali kutsogolo osapuma, akundinyoza kuti akazi a amisiri tinazolowera kukhala. Ine ndikuwayankha kuti akadzakwatiwanso ndidzawawotcherera mphete ndi asidi. Tinaseka, ndipo kunali kuseka kwanga koyamba sabata imeneyo.

Titafika ndinaona kuti utomoni sungopezeka pa mtengo uliwonse. Umatuluka pomwe mtengo unavulala, pomwe nthambi inathyoka kapena pomwe wina anatemapo kale, ndipo nyengo yozizira umakhala wochepa, wouma, womatirira ndi makungwa. Tinayenda mtengo ndi mtengo ndi kampeni, tikupala timibulu tating'onoting'ono. Manja anamata, chitenje chinamata, tsitsi lomwe linamata. Mlonda wa nkhalango anatipeza, n'kufunsa chimene tikuchita ndi mpeni pa mitengo. Ndinamuonetsa kachitini n'kumuuza kuti ndi za mphete ya ukwati wanga Loweruka. Anandiyang'ana imvi zimene zinali zitayamba kale m'mutu mwanga, n'kufunsa ngati ndikunena ukwati wa mwana wanga.

"Wanga ine! Kodi ukwati uli ndi msinkhu?"

Anaseka, n'kutitsogolera kutsetse lina kumene mphepo inagwetsa mitengo iwiri. Pa zitsa zake utomoni unali utaundana mabuma. Dzuwa lisanapendeke kachitini kanadzaza. Achemwali anapatuka pang'ono kukaswali, ine n'kukhala pa chitsa ndikuyang'ana chigwa pansi, ndikufunafuna denga lathu. Sindinalipeze, ndipo mantha anandigwira kuti mwina pofika ndikapeza anthu atasonkhana pakhomo. Potsika ndine ndinali kutsogolo.

Ndinawapeza ali moyo, atakhala pakhonde, akukangana ndi mwana za mchere wa m'phala. Ananunkhiza kachitini, n'kutseka maso kanthawi.

Lachitatu tinaphika utomoniwo. Anandiuza kuti ndiuike m'chitini chachikulu pa makala ochepa, patali ndi denga la udzu, chifukwa ukagwira moto suzimitsika. Unasungunuka, unawira, fungo lake n'kudzaza bwalo lonse. Ndinausefa pa kansalu kakale kuchotsa makungwa ndi nyerere, n'kuubwezanso pa moto mpaka dontho lake likagwera m'madzi ozizira lizithyoka, osatamuka. Ulendo uno chilichonse ndinkafunsa, ngakhale chimene ndinkachidziwa, mpaka anatopa nane.

"Mayi, kodi ndi madzi omwe mufunsa ngati ali onyowa?"

Mkuwa wa mphete yoyamba anakana kuti tiugwiritsenso ntchito. Ndinadula wina pa thanki ija, n'kuyeza chala chawo chakumanja ndi ulusi. Ulusiwo unali waufupi moti ndinayezanso kachiwiri poganiza kuti ndalakwitsa. Chala cha bambo amene ankapinda malata ndi manja chinali chitafanana ndi changa.

Lachinayi m'mawa ndinakhala pa chitsa, iwo ali pambali panga pa mkeka. Ndinapala, osagwirapo. Ndinaika kambenu ka utomoni. Chitsulo ndinachichotsa pa makala chisanafiire, n'kuchiyandikiza kutsaya kuti ndimve kutentha kwake monga ankachitira iwo. Nditagunditsa pa mkuwa ndinadikira. Utomoni unasungunuka, n'kuyenda m'kampata kaja, kautsi koonda kakukwera. Dzanja linkafuna kukankha mtovu, koma ndinaugwira mtima. Kenako mtovu unanyezimira, n'kulowa wokha pang'onopang'ono. Sunathamange ngati tsiku la asidi, ndipo mbali imodzi unatsala kachotupa kamene ndinachita kukapala ndi tupa. Mpheteyo ndinaitsuka katatu, ngakhale iwo ankati sikofunika. Nditawapatsa kuti aione anakana.

"Ndidzaiona Loweruka," anatero.

Loweruka anadzuka ofooka kwambiri. Jekete imene tinawaveka inali yawo yomwe, koma inkaoneka yobwereka. Achimwene anga anawakweza pa njinga n'kumaikankha pang'onopang'ono, ine ndikuyenda pambali nditavala diresi la buluu ndi nsapato zothina. Achemwali anatiperekeza mpaka pakhomo pa tchalitchi, n'kukhala panja pansi pa mtengo uja ndinkakhala ine. Abusa anaika mpando kutsogolo kuti amuna anga akhalepo, koma itafika nthawi ya malonjezo anakana, anaimirira atagwira phewa langa.

Anandiveka yanga. Inalowa bwinobwino, ngakhale sanandiyezepo chala ndi ulusi n'kamodzi komwe. Kenako inafika nthawi yanga. Abusa anayang'ana dzanja lamanzere lomangidwa nsalu lija, n'kuyang'ana ine. Ndinatenga lamanja. Koma ndisanawaveke, amuna anga anandilanda mpheteyo. Tchalitchi chonse chili chete, abusa buku lili lotsegula m'manja, iwo anaikweza kuwindo kumene kunkalowera dzuwa, n'kuitembenuza mpaka apeze polumikiza. Anayendetsapo chikhadabo kunja, n'kuyendetsanso m'kati. Anaifinya ndi zala, ndi timphamvu tonse timene anatsala nato. Ine mtima uli m'mwamba, ndikunena chamumtima kuti bambo inu, mukandichititsa manyazi pano, mudzaona.

"Yagwira," anatero mokweza, ngati ali pa Songani.

Anthu anaseka, amayi kumbuyo n'kuyamba nthungululu nthawi yake isanakwane. Anandibwezera, n'kutambasula chala. Ndinawaveka ndikulira moti sindinkaona bwino, ndipo abusa anachita kundibwerezera mawu oti ndinene.

Mgonero wotsatira ndinalandira, koma ndinapita ndekha, iwo sanathenso kutuluka m'nyumba. Anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Chilonda cha kumanzere chija sichinapole. M'mawa uliwonse ndinkafunditsa madzi, n'kuikamo mchere, n'kugwada pambali pa mkeka wawo kumasula nsalu. Ndinkadziwa kuti chikuwawa, chifukwa ankaluma mlomo. Koma mpaka tsiku lomaliza sanatchulepo kuti chinabwera bwanji. Ankangonditambasulira dzanja lamanzere kuti nditsuke, lamanja lovala mphete lija ataliika pamutu panga.